Malole Asanu ndi Anayi Amene Sanaime

Merv Tuckey anatha masiku asanu m'chipatala cha ku Hedland mwana wake Bronwyn asanabwere kudzamuona. Foni ankaimba ndithu, m'mawa ndi madzulo, koma ankangofunsa za impso ndi za mwendo, ndipo mayi ake akangoyamba kutchula za malole, ankati amuitana kuntchito. Mayi akewo, Lorraine, sanauze munthu aliyense. Nkhaniyo ankangoyenda nayo ngati kamwala kolowa mu nsapato.

Zimene zinachitikazo sizinali zovuta kufotokoza. Lachiwiri m'mawa Merv anapita kukaona mjigo wakumpoto, kumene ng'ombe zawo zimamwera. Pobwerera, tayala linaphulika pafupi ndi pamene kanjira ka pafamu kamadutsana ndi msewu wa kampani ya mgodi. Anakweza galimoto ndi jeke monga anachitira kambirimbiri, koma dothi linali lofewa, jeke inaterereka, galimoto n'kumupanikiza mwendo. Wailesi yoitanira anthu inali pampando wakutsogolo. Chigubu cha madzi chinali kumbuyo. Dzanja silinkafika konse kuwiri. Anakhala pamenepo kuyambira cha m'ma teni mpaka dzuwa litapendeka, mwezi wa Disembala, pamene ngakhale abuluzi amabisala.

Pamsewu wa kampaniwo, poti munthu akhoza kuponyapo mwala ali chikhalire, panadutsa malole asanu ndi anayi. Merv anawawerenga. Lililonse analikwezera dzanja. Palibe limene linaima.

Malole amenewo alibe dalaivala. Amayenda okha, lililonse likukoka ngolo zinayi zodzaza miyala ya chitsulo, kuchokera kumgodi kupita kudoko. Ali ndi makamera mbali zonse, ndipo amayang'aniridwa ndi anthu okhala m'chipinda chozizira mumzinda wakutali wa Perth. Mmodzi wa anthu amenewo anali Bronwyn.

"Nkhope imeneyo ndimaidziwa," anatero Merv kwa Lorraine ali chigonere m'chipatalamo, timapaipi ta madzi tili m'mikono. "Ndi imene munavala tsiku limene ndinagula nkhunzi yotsimphina ija."

"Ndikungoganiza kuti mdala wa zaka sevente akanayenera kudziwa zoika thabwa pansi pa jeke."

"Thabwalo linalipotu."

"Linali kuti?"

"Kunyumba."

Lorraine sanaseke. Anamukonzera pilo, n'kumufunsa motsitsa mawu kuti dzanjalo ankalikweza bwanji. Merv anamuonetsa: chikhatho m'mwamba, kuchigwedeza uku ndi uku. Anati malole oyamba ankawakupizira chipewa, koma chipewacho chinauluka ndi mphepo ya lole lachitatu, ndipo omalizira aja ankangowatukulira zala chifukwa mphamvu zinali zitatha.

"Mwana uja musamuvutitse," anatero Merv. "Mwina sanali n'komwe pantchito."

"Lachiwiri amagwira."

"Malole alipo ambirimbiri, Lorraine. Sangawaone onse."

"Nanga bwanji sakubwera?"

Merv anatembenukira kuzenera n'kuyamba kudandaula za tiyi wa m'chipatala, kuti akukoma ngati madzi ochapira masokosi.

Kuno galimoto yoima m'mbali mwa msewu suingoidutsa. Ngakhale mwini wake akhale amene munakangana naye za ng'ombe chaka chatha, umaima n'kumufunsa ngati ali ndi madzi. Lorraine anamuphunzitsa Bronwyn zimenezi asanamuphunzitse kuwerenga. Ndipo mukakumana pamsewu, umatukula chala pachiwongolero, mnzako n'kutukulanso chake. Merv yekha ankachita kunyanya. Ankapereka moni ndi dzanja lonse kwa aliyense, ngakhale kwa malole opanda munthu aja. Anzake ankamuseka kumsika wa ng'ombe, iye n'kumangoti ulemu sudikira kuti wina aubweze.

Masana a tsiku lomwelo kunaimba bambo wina wa kukampani, wa mawu osalala ngati batala. Anapepesa katatu, anati atumiza maluwa, kenako anati afufuza ndipo apeza kuti makina onse anagwira ntchito monga anakonzedwera. Lorraine anamufunsa kuti amene ankayang'anira msewu umenewo Lachiwiri anali ndani. Bamboyo anati mayina a antchito satchula. Foni itaduka, mawu aja akuti "monga anakonzedwera" anatsala akuzungulira m'mutu mwake ngati ntchentche yotsekeredwa m'khitchini.

Loweruka anabwerera kufamu, ulendo wa maola atatu, chifukwa ng'ombe sizidziwa zoti mwini wake ali m'chipatala. Pakhonde anapeza Clarrie Dann akudyetsa agalu. Clarrie anali mnzake wa Merv wa kalekale, woyendera mijigo pafamu yoyandikana nayo, ndipo ndi iyeyo amene anamutola Lachiwiri lija n'kuitana ndege ya madokotala.

"Chili bwanji chitsiru chathu chija?" anafunsa Clarrie.

"Chikudandaula za tiyi."

"Ndiye chichira."

Lorraine anatereka ketulo n'kudula keke ya zipatso. Clarrie anadya mwakachetechete, chipewa chili pabondo, akuyang'ana kuchigwa kumene fumbi lofiira la lole linkakwera pang'onopang'ono.

"Anakuuzani zoti ankachepetsa liwiro?" anafunsa.

"Ndani?"

"Malolewo. Akuti lililonse likamayandikira, injini inkatsitsa mawu, ngati munthu amene wakuona ndipo akukuyang'anitsitsa. Mtima n'kukhala pansi kuti basi, ndapulumuka. Kenako lowonjezera moto, ulendo. Onse naini chimodzimodzi. Anandiuza ndikumuthira madzi kumutu. Anati ndisakuuzeni."

"Ndiye mwandiuziranji?"

"Keke yanuyi ndi yokoma kuposa chinsinsi cha Merv." Anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. "Komanso inetu ndimadutsa pomwe paja katatu pa sabata, ndekha. Ndikufuna ndidziwe ngati chinthu chija chilibe maso, kapena maso chili nawo koma chilibe mtima. Chopanda maso ndikhoza kuchikhululukira."

Lorraine anaika mpeni pansi. "Kodi chaka choyamba chija sankaima?"

"Ankaima! Merv akangokweza dzanja, chilole chonse njii, pakati pa msewu, chikulankhula chokha. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa."

"Kenako anasiya."

"Kenako anasiya," anavomera Clarrie. "Ana sabadwa ndi mwano, Lorraine. Alipo amene anawaphunzitsa."

Clarrie atapita, Lorraine anayendera mijigo iwiri yapafupi, anapatsa nkhuku madzi, anachapa malaya a Merv amene anali ndi magazi. Manja ankagwira ntchito, koma mtima unali ku Perth, m'chipinda chimene anali asanachionepo. Ankaona mwana wake atakhala pampando, kapu ya khofi pambali, bambo ake ali pagalasi la kompyuta akukweza dzanja, ndipo chala cha mwanayo chikudina kuti lole lipitirire. Ankachotsa chithunzicho m'mutu, icho n'kubwereranso.

Bronwyn anafika Lamlungu dzuwa lisanafike pamutu, pa galimoto yobwereka. Lorraine anamuona ali pazenera akutsika, kutsegula geti, kulowetsa galimoto, kutsikanso n'kutseka, monga anaphunzitsidwira. Anali ataonda, maso atalowa m'kati.

"Chipatala chili ku Hedland," anatero Lorraine pakhomo. "Wasochera?"

"Ndimafuna ndiyambe ndaonana ndi inu, Amayi."

Kuyambira ali wamng'ono, Bronwyn akamanama ankagwira khutu lakumanzere n'kumalikoka pang'ono. Iye mwini sankadziwa, ndipo makolo ake anapangana kuti asadzamuuze. Lorraine anathira tiyi m'makapu awiri, anakhala moyang'anizana naye, maso ali padzanja lake lamanzere.

"Ndikufunsa kamodzi kokha, Bron. Lachiwiri unawaona bambo ako?"

"Ayi."

"Unali pantchito?"

"Ndinali. Ndipo msewu umenewu unali m'manja mwanga. Koma sitikhala tikuonera lole lililonse, Amayi. Lole limandiitana likaona chinthu chimene lakayikira. Likapanda kukayikira, kwa ine sikubwera kanthu. Tsiku lonse lija panalibe limene linandiitana."

Manja onse awiri anali atagwira kapu. Lorraine anadikira. Manjawo sanasunthe.

"Clarrie akuti ankachepetsa liwiro."

"Ankawaona. Onse naini anawaona." Bronwyn anatsitsa mawu. "Ankawazindikiranso. Lililonse linalemba mawu omwewo, kuti munthu wa m'deralo, akupereka moni."

"Munthu ali pansi, galimoto ili pamwendo?"

"Mwendo sunkaoneka. Ukachokera kumgodi umangoona munthu atakhala patsinde pa galimoto, tayala lili pambali, dzanja lili m'mwamba."

"Nanga anawauza ndani kuti dzanja limenelo ndi moni?"

Bronwyn anaika kapu pansi mosamala, ngati ingasweke.

"Ine."

Anafotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana patebulo. Chaka choyamba chija, malole ankaima pamphambano ya kufamu kwawo katatu kapena kanayi pa sabata. Lole limodzi likaima, onse akumbuyo ankaimanso, mpaka kumgodi. Mabwana anayamba kukamba zotseka mphambanoyo ndi waya, kuti pasamafike munthu. Zikanatero, kuti Merv akafike kumjigo wakumpoto akanamazungulira ulendo wa theka la tsiku. Bronwyn ndiye anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti palibe chovuta pamenepo, amenewo ndi bambo anga, kwathu ndi mmene timapatsirana moni. Anthu anaseka, anamuombera m'manja, n'kumupatsa ntchito yoti aphunzitse makinawo. Ankamubweretsera zithunzi za anthu okweza manja m'mbali mwa msewu, iye n'kumalemba kuti uyu ndi moni, uyu ndi moni. Zambiri mwa zithunzizo zinali za Merv.

"Ndinkakondwa nayo ntchito imeneyo, Amayi. Ndinkaona Bambo tsiku lililonse. Atavala malaya obiriwira aja, ali ndi galu, akutafuna kaudzu. Ndinkadziwa kuti ali bwino musanandiimbire."

"Ndipo za Lachiwirizo waziona?"

"Lachitatu m'mawa. Zonse naini. Chomaliza chija dzanja likungofika apa." Anatukula zala ziwiri patebulo, n'kuzibweza. "Ndiye mumati ndikalowe bwanji m'chipinda chawo?"

Kunja mbalame zoyera zinkasokosera pamtengo wa pafupi ndi thanki. Lorraine anamva kamwala kaja kakusuntha, koma sikanatuluke.

"Pamsonkhano wanuwo," anafunsa mofatsa, "panalibe amene anati, nanga tsiku lina munthu akadzakweza dzanja chifukwa akufa?"

"Analipo. Anamuyankha kuti wovulala amakhala atagona pansi, kapena amaima pakati pa msewu."

"Bambo ako akanaima ndi mwendo uti?"

Bronwyn anazunguza kapu patebulo, ndipo Lorraine anapitiriza.

"Ndiye munasankha kuti kuli bwino kudutsa munthu mmodzi kusiyana n'kuima pachabe kakhumi."

"Palibe amene anakhala pansi n'kunena choncho."

"Koma zinasankhidwa, mwanangu. Ng'ombe ikatuluka, ndiye kuti geti linatsegulidwa, ngakhale onse akane."

Bronwyn anapukuta maso ndi chikhatho. Anati kuyambira Lachinayi zasinthidwa. Tsopano lole likaona munthu pafupi ndi galimoto yoima, liyenera kuima n'kufunsa, kaya wakweza dzanja kaya ayi. Anati anachita kukangana nawo masiku awiri kuti zitheke.

"Wanena ndani kuti zasinthidwa?"

"Ndinalipo, Amayi."

"Unalipo pamene amanena. Unalipo pamene lole limaima?" Lorraine anaimirira n'kutenga chipewa pa msomali. "Tiye."

"Kuti?"

"Kumphambano. Maliza tiyi wakoyo, ine ndikudzaza chigubu."

Anatenga galimoto yakale ya pafamu. Kumphambano kunali kotentha moti mpweya unkavina pamwamba pa msewu. Malo aja sanasowe. Dothi linali litakumbika pamene jeke inaterereka, ndipo chipewa cha Merv chinali chitakodwa pachitsamba cha minga chapatali pang'ono. Lorraine anachitola, anachikuntha pabondo, n'kuimika galimoto pomwe panaima ya mwamuna wake. Anauza Bronwyn kuti abisale kuseri kwa chulu. Kenako anakhala pansi pafumbi, patsinde pa tayala, n'kulowetsa mwendo umodzi kunsi kwa galimoto.

Dothi linkawotcha kudutsa thalauza. Ntchentche zinabwera msanga. Anayang'ana chigubu cha madzi chili kumbuyoko, n'kuyesa kutambasula dzanja. Silinafike. Anadikira mphindi makumi awiri, ndipo zinali zambiri.

Fumbi linayamba kuoneka cha kumgodi, kenako nthaka inayamba kunjenjemera. Lole linatulukira, lalikulu ngati nyumba zitatu zolumikizana, pampando wa dalaivala palibe munthu. Lorraine anakweza dzanja monga Merv anamuonetsera, chikhatho m'mwamba, uku ndi uku. Injini inatsitsa mawu. Anamva mtima wake ukudumpha, n'kudziwa kuti umu ndi mmene Merv anamvera kasanu n'kanayi. Mabuleki analira, ngolo zinagundana kumbuyo, fumbi linamukuta. Lole linaima.

Pambali pake panamveka mawu a mwamuna wachinyamata, ochokera pa kachipangizo kolankhulira.

"Mayi Tuckey, muli bwino? Mukufuna thandizo?"

Lorraine anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Anatulutsa mwendo, anaimirira, anakuntha fumbi.

"Ndili bwino, bambo. Ndimangopuma. Pitirizani."

Lole linanyamuka mwaulesi, ngolo zinayi zikutsatira. Bronwyn anatuluka kuseri kwa chulu akumwetulira koyamba chifikire.

"Mwaonatu, Amayi?"

"Ndaona. Ndamvanso. Dzina langa walidziwa bwanji?"

"Mwina... mwina anaona nambala ya galimoto."

"Galimoto iyi inagwa nambala iwe uli kusekondale."

"Ndiye mwina wangoganizira. Onse akudziwa kuti famu ino ndi ya ndani."

Dzanja lamanzere la Bronwyn linakwera lokha, n'kukagwira khutu, n'kuyamba kulikoka pang'ono.

Lorraine analiyang'ana dzanjalo kwa kanthawi. Kenako anachita chimene anali asanachite chiyambire Lachiwiri. Anaseka, mpaka anatsamira galimoto, misozi ikudula mizere pafumbi la m'masaya. Khutu linkagwirabe ntchito. Ndipo m'khitchini muja, pa funso lija, manja onse awiri anali pakapu.

"Chikukusekesani n'chiyani?"

"Palibe. Wamutumizira uthenga nthawi yanji mnzako wa ku Perth amene walankhulayo?"

Bronwyn anagwetsa nkhope. "Pamene mumadzaza chigubu."

"Chifukwa?"

"Ndinaopa kuti siliima." Mawu ake anali aang'ono. "Anati akonza, ndipo ndikukhulupirira kuti akonzadi. Koma ndinalephera kuti ndikuonereni inunso muli pansi apo, lole n'kukudutsani."

"Ndiye laima lokha, kapena laimitsidwa ndi mnzakoyo?"

"Sindikudziwa, Amayi."

"Eya. Tsopano wanena zoona." Lorraine anatsegula chigubu, anamwa, n'kumupatsa mwana wake. "Ine ndidzabweranso pano. Tsiku limene iwe sukulidziwa, ndi galimoto ya Clarrie, nditavala chipewa cha munthu wina. Likadzadutsa, ndidzapita ndekha ku Perth kukakhala pakhomo pa bambo wa mawu a batala uja mpaka atatopa nane. Ndipo iwe usadzandifunse tsikulo."

"Sindidzafunsa."

Lorraine anamuika chipewa cha Merv m'manja.

"Ichi ukawapatse wekha. Ndipo ukawauze zonse zimene wandiuza ine, za zithunzi zija, za malaya obiriwira, zonse."

"Akandiona bwanji?"

"Akakuuza kuti thabwa linali kunyumba. Kwera, tikatseke nkhuku tizipita. Ku Hedland ndi kutali."

Pamene ankakhota kuti abwerere kunyumba, lole lina linatulukira cha kudoko, ngolo zake zopanda kanthu zikugubuduka. Anaima kuti lidutse. Chala cha Lorraine chinatukuka chokha pachiwongolero, monga chinachitira zaka zonsezi. Anachiona, n'kuchibweza pansi, ndipo analiyang'anitsitsa lolelo mpaka ngolo yomaliza italowa m'fumbi.